Njinga Zinayi, Kagalimoto Kokokedwa ndi Apongozi Anga

Anzanga, nkhani iyi sindinachite kumva kwa munthu, inandichitikira ine ndemwe, masana dzuwa lili pamutu, ndipo mayi a kunyumba kwathu alipo, angachitire umboni. Mayina sinditchula, poti ife a kwathu okhala kuno ku Leicester, ku Mangalande, timadziwana tonse, ukangotchula dzina limodzi pofika Lamlungu tchalitchi chonse chadziwa. Koma ndakhala nayo pamtima nthawi yaitali, ndiye ndati ndiitule, mwina ingapulumutse wina.

Ine sukulu sindinapite nayo patali. Kwathu ndinali munthu wa njinga, ngati mmene analili malemu bambo anga, tinkanyamula chilichonse, matumba a chimanga, malata, mbuzi, ngakhale odwala kupita nawo kuchipatala. Kuno ndinabwera motsatira akazi anga amene ndi nesi, ine ndimagwira mu weyahausi ku Corby, kukweza ndi kutsitsa katundu, nthawi zina kuyendetsa vani yokoka ngolo. Timakhala ku Wigston, m'mphepete mwa Leicester, ndi ana athu awiri aakazi, aja oti ukawayankhula Chichewa amamva bwinobwino koma kuyankha kwake ndi Chizungu.

Chaka chake ndi chija kunatentha modabwitsa, udzu wa m'mapaki mpaka kufiira, matenda aja otitsekera m'nyumba asanabwere. Apongozi anga, mayi awo a akazi anga, anabwera kudzationa kwa miyezi ingapo. Mayi achikulire, ochepa thupi, okonda pemphero, koma mwambo anaugwira ndi manja awiri. Mukudziwa inu mmene zimakhalira kwathu pakati pa mkamwini ndi apongozi ake aakazi, simukhala mogundana, simudyera pamodzi, simuyang'anana m'maso, mukakumana panjira wina amapatuka. Ndiye taganizani kuchita zimenezo m'tinyumba ta kunoti, masitepe ake oti anthu awiri sangapatukirane! Ndikamva akutsika ine ndinkabwerera kukaima kubafa, iwo akamva ndikulowa kukhitchini ankatulukira khomo lakuseri. Ana ankaseka, amati adadi ndi agogo akusewera chibisalirano. Mawu athu onse ankadzera mwa akazi anga, ngakhale oti zikomo. Ndipo ine sindinkadandaula ayi, ndinkanyada, ndimati ulemu ndi umenewu, Ulaya sanandisinthe.

Tsono moyandikana nafe munkakhala mzungu wina wokalamba, mkazi wake anamwalira, ndipo akazi anga ankakonda kukamuzonda akaweruka. Mkuluyu anali ndi motahomu, galimoto lija lokhala ngati nyumba, m'kati muli bedi, mbaula, tebulo ndi kachimbudzi, ndipo kumbuyo kwake ankakoka kagalimoto kakang'ono kakuda ka zitseko ziwiri, kolumikizidwa ndi chitsulo cha mphanda, koti mukafika kumene mukupita muziyendera. Maso ake anali atafooka, anasiya kuyendetsa. Atamva kuti kwathu kwabwera mlendo amene sanaonepo nyanja ya mchere, anati tengani zonsezi mupite nawo kunyanja ku Skegness, zikungochita dzimbiri apa.

Anandiphunzitsa masana onse, moleza mtima. Anati kiyi azikhala m'kagalimoto kuti chiwongolero chisakiyike, chizitembenuka chokha potsatira galimoto lalikulu. Anati ukakoka chonchi sungabwerere chambuyo ngakhale phazi limodzi, ukadutsa malo wadutsa. Anati kaliyala wa njinga amene ali kumbuyo kwa motahomu ndi wa njinga ziwiri basi. Anati m'kagalimoto musakhale chamoyo chilichonse, ngakhale mphaka. Ndipo chomaliza, chimene anabwereza katatu akundiloza ndi chala, anati nthawi iliyonse usanalize injini, ngakhale unangoima kuti umwe madzi, uzizungulira zonse ndi miyendo yako, kuchoka pakhomo lako mpaka kubwerera pakhomo lako.

Ine ndinavomera zonse, koma za njingazo ndinaseka chamumtima. Njinga zathu zinali zinayi, yanga, ya akazi anga ndi za ana, nanga ndikanasiya ya ndani? Munthu woti ndinkamanga matumba atatu panjinga imodzi, lero andiuze kuti chitsulo chonsechi n'cha njinga ziwiri? Ndinadula chubu chakale n'kupanga malegeni ngati kwathu, ziwiri ndinakhazika m'malo mwake, ziwiri zinazo ndinazisanjika pamwamba, n'kukulunga, n'kukoka mpaka mphira kulira. Nditakhala pachiwongolero ndinaona kuti kasikirini kamene kamaonetsa za kumbuyo kakungoonetsa masipoko ndi zishalo, njinga zatseka kamera. M'magalasi a m'mbali namo kagalimoto sikaoneka, n'kakang'ono, kamabisala kuseri. Ndinangoti kamangidwa ndi chitsulo, kangapite kuti?

Tinanyamuka m'mawa, kunja kwatentha kale. Apongozi anakhala pampando wakutali kwambiri ndi ine, atayang'ana kuwindo, ndipo ine ndinapotoza kagalasi ka m'kati kuti maso athu asakumane. Tinadutsa Melton, tinadutsa Grantham, ndiye chakumasana tinaima pamalo ena otakasuka m'mbali mwa msewu pamene panali kangolo kogulitsa tiyi ndi zoziziritsa kukhosi. Ndinamva apongozi akuuza mwana wawo chapansipansi kuti mutu ukuwalemera, akufuna atagonako pang'ono. Akazi anga anati kagoneni pabedi kumbuyoko, mutseke katani, kenaka anatenga ana kupita kukagula ayisikirimu.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Bedi limene analozeredwalo ndi limene ine ndi akazi anga tinayenera kugonapo usiku umenewo, zofunda zathu zinali zitayalidwa kale. Mayi wa mwambo angagone pabedi la mwana wake ndi mkamwini? Akazi anga akhalitsa kuno, zinawachoka m'mutu. Mayi aja sanatsutse, poti ine ndinali pomwepo ndikumva. Anangokoka katani kuti aoneke ngati amvera, kenaka anatsika mwakachetechete.

Ine nthawi imeneyo ndinali nditatsikira khomo langa kuti ndiyambe kuzungulira kuja ndinauzidwa. Nditafika pakona ndinangoona apongozi akulowera chakumbuyo, chitenje chili paphewa, cha kumene kunali mpanda wa zitsamba. Ndinaganiza kuti akukadzithandiza, poti kachimbudzi ka m'kati ankakakana, khoma lake n'lopyapyala, mkamwini angamve. Ndiye mukanakhala inu mukanatani? Mukanawatsatira? Ndinatembenuka msangamsanga ngati ndaponda moto, n'kukakhala pampando wanga, maso pansi. Patapita kanthawi ndinamva chitseko chikutsekedwa, ndinati basi abwera. Akazi anga atafika anasuzumira, anaona katani yotseka, anauza ana kuti asasokose agogo agona, kenaka anati tiyeni bambo. Funso linabwera pakamwa panga, loti kodi mayi abwerako kuthengo kuja? Koma mkamwini amafunsa zimenezo? Ndinalimeza. Ndinaliza injini.

Chigawo chimenecho dziko lake ndi lathyathyathya, lopanda ndi chulu chomwe, minda ya tirigu mbali zonse mpaka kumene kumathera maso, ndipo tsiku limenelo inali itapsa, yofiirira ngati udzu wa kwathu mwezi wa Seputembala. Msewu kutsogolo unkanyezimira ngati pathiridwa madzi, ukafikapo madziwo athawira patsogolo. Ana anagona ayisikirimu ali kukamwa, akazi anga, amene anali atagwira mashifiti motsatizana, anagona mutu uli pawindo. Munangotsala kulira kwa injini ndi kamphepo kotentha. Sindinagone ayi, maso anali pamsewu, koma mtima unanyamuka n'kupita kwathu. Ndinkaona ngati ndikupalasa njinga m'njira ya kumsika, fumbi lili m'mapazi, thumba la mtedza kumbuyo, fungo la udzu wopserera, ndipo mabelo a udzu amene anali m'minda muja ankaoneka ngati ng'ombe zogona. Zinali zokoma, anzanga, sindinamvepo mtendere ngati umenewo chibwerereni kuno. Ndinayenda choncho mwina ola lathunthu kapena kuposa.

Kenaka ndinamva belu la njinga.

Osati belu wamba. Bambo anga anali ndi njinga yakuda yakalekale, ndipo tikamapita kumsika ndi njinga ziwiri iwo ankakhala kumbuyo, ine patsogolo. Akaona kuti katundu wanga wapendama sankakuwa, ankaliza belu kawiri mofulumira, n'kudikira, n'kulizanso kamodzi. Ngiri-ngiri, ngiri. Tanthauzo lake linali loti ima, tsika, kaone katundu wako. Bambo anamwalira ine ndisanabwere n'komwe kuno. Koma ndinalimva, loyera bwino, ngati lili kuseri kwa khutu langa.

Ndinadzigwedeza mutu, ndinati ndi kutenthaku. Ndinagwedeza akazi anga kuwafunsa ngati amva belu, iwo anangoti belu lanji inunso, tayendetsani, n'kugonanso. Linaliranso. Ngiri-ngiri, ngiri. Ndinayang'ana pa kasikirini kaja, masipoko okhaokha, gudumu limodzi likuzungulira lokha pang'onopang'ono ndi mphepo, koma pakati pa masipokowo ndinaona ngati chikhatho cha munthu chagunda pagalasi n'kutsetsereka. Ndinati ndi kuwala kwa dzuwa. Nanga m'kagalimoto mukanakhala ndani?

Pomwepo ndinadutsa malo abwino oimapo, ndinawaona mochedwa, ndipo paja kubwerera chambuyo n'kosatheka. Msewu unali wopapatiza, mbali zonse ngalande zakuya, kumbuyo kwanga magalimoto andandalika. Belu linalira kachitatu, ndipo ulendo uno silinasiye, linkangobwereza, ine thukuta lili kamukamu, ndikuyankhula ndekha ngati mwana kuti ndamva bambo, ndamva, ndikufuna poima. Sindidziwa kuti panapita mphindi zingati. Ndinaona polowera pa famu ina, ndinakhotera pomwepo, ndinazimitsa injini. Belu linasiya. Kunangoti zii, tizilombo tokha tikulira m'tirigu.

Nditazungulira kumbuyo ndinapeza malegeni anga aja atafewa ndi dzuwa, awiri aduka, njinga yanga yaikulu yatsetsereka, ikulendewera pa mphira imodzi yokha, pedulo yake yatsamira pagalasi lakutsogolo la kagalimoto, galasi lonse lachita ming'alu ngati ukonde wa kangaude. Pakanangokhala bampu imodzi inanso, njinga yonse ikanalowa m'kati. Ndipo ndikuuzeni zoona, chimene ndinayamba kuganiza n'choti mzungu uja ndikamuuza chiyani. Ndinawerama kuti ndione ming'aluyo bwino, ndiye kudzera m'ming'alumo ndinaona phazi. Phazi laling'ono, lopanda nsapato, pampando wakumbuyo.

Nditatsegula chitseko, mpweya umene unatuluka unali ngati wa mu uvuni wa njerwa. Mawindo ake ndi a magetsi, satseguka injini ikakhala yozima, ndipo galimoto lakuda lija linali litamwa dzuwa lonse. Apongozi anali atagwera pakati pa mipando, duku lavuka, maso otseguka pang'ono koma osaona, milomo youma ikugwedera popanda mawu. Tsono apa pali chinthu chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero. Ndinabwerera m'mbuyo. Inde, munthu akufa pamaso panga, ine thupi langa linakumbuka mwambo, linati usawakhudze, mutu wawo uli pambalambanda, yang'ana kumbali. Ndinaima pamenepo ndikuitana akazi anga ndi mawu aulemu, ngati ndikuodira pakhomo la eni. Mwina anali masekondi asanu okha, koma kwa ine ndi aatali kuposa zaka zonse ndakhala kuno.

Kenaka china chake chinaduka m'kati mwanga ngati malegeni aja. Ndinagwetsa mpando wakutsogolo, ndinalowa, ndinawanyamula m'manja. Anali opepuka ngati thumba la gaga, koma otentha ngati mbaula, osatuluka ndi thukuta lomwe. Ndinathamanga nawo pamthunzi wa mpanda ndikukuwa, ulemu wonse nditautaya. Akazi anga anatsika akuti mukuchita chiyani ndi ndani, poti m'mutu mwawo mayi awo anali kuseri kwa katani. Ataona nkhope anakuwa kamodzi kokha, kenaka unesi unawagwira. Anandilamula kuti ndibweretse madzi onse ndi matawulo, anawanyowetsa m'khosi ndi m'khwapa, anauza mwana wamkulu kuti aimbe foni ya ambulansi, ine anati ndivule shati ndiziwakupiza osasiya. Ndinagwada m'fumbi pamenepo, mkamwini wopanda malaya, mutu wa apongozi uli pamwendo panga, ndikupempha Mulungu kuti ngati akufuna munthu atenge ine wosamvayu. Ndinkaganiza za foni yopita kumudzi. Ndikanati chiyani? Kuti mayi anu tinawakoka kumbuyo ngati katundu mpaka kufa?

A ambulansi anafika, anawaika diripi pomwepo n'kupita nawo kuchipatala, ndipo adokotala anauza akazi anga kuti tikanayenda pang'ono pokha nkhani ikanakhala ina. Apolisi nawo anabwera, anandifunsa mafunso, anaona malegeni anga n'kupukusa mitu, chilango chake ndinalandira ndipo sindidandaula. Mmodzi anandifunsa kuti zinatheka bwanji osadziwa kuti munthu palibe m'motahomu, malo aang'ono chonchi. Ndinayesa kufotokoza kuti kwathu apongozi sitiwayang'ana, Chizungu chinandithera, iye anangondiyang'ana ngati ndapenga. Kunyanja sitinafikeko.

Atatsitsimuka, tsiku lachiwiri, anafotokoza mbali yawo. Anati anaona kagalimoto kali kosakiya, mpando wakumbuyo uli ndi mapilo, anati apa ndiye pabwino, ndigone pang'ono anawa akamanyamuka andidzutsa. Iwo sankadziwa kuti sitikuwaona. Anati atadzidzimuka anapeza dziko likuyenda, minda ikudutsa, koma injini osamveka, ndipo pampando wa dalaivala palibe munthu, chiwongolero chikungotembenuka chokha, uku ndi uku, mofatsa, ngati pali manja osaoneka. Kutsogolo kunali khoma loyera, ndi magudumu a njinga akuzungulira m'mwamba popanda wopalasa. Anati sanachite mantha poyamba, anangoti kani imfa imabwera chonchi, amakutumizira galimoto. Anayamba kuimba nyimbo ya kumaliro, akudikira kuti aone malemu amuna awo. Koma kutentha kutakula anayamba kukayika kuti kodi galimoto imeneyi ikupita mbali iti, iwo munthu wa mvano zaka zonsezi! Pamenepo anaseka, ngakhale kuseka kwake kunali kofooka. Anati ndi pamene anakwawira kutsogolo n'kumenya galasi ndi chikhatho, ndipo njinga itagwera pagalasipo anabwerera m'mbuyo, osadziwanso kanthu.

Zonsezi ankauza mwana wawo, ine nditaima kuseri kwa katani ya m'chipatala monga mwa masiku onse. Ndiye ndinangomva akuti amuitane mkamwiniyo alowe. Ndinalowa chowerama. Anati ndidzutse mutu. Kanali koyamba kuona bwinobwino nkhope yawo pazaka zonse ndakhala pabanja ndi mwana wawo, kani ali ndi kachipsera pachibwano, kani maso awo ndi a mwana wathu wamng'ono. Anati munthu amene wakunyamula ngati khanda sungamuthawenso panjira, kuyambira lero ndine mwana wawo wobereka. Anatinso cholakwa si changa ndekha, iwonso akanatha kungonena kuti bedi ilo sindigonapo, koma tonse awiri tinasankha kukhala chete, ndipo chete wathuyo ndi amene anatsala pang'ono kuwapha. Titabwerera ku Wigston anatuma mwana wawo kukagula nkhuku, anaiphika okha, n'kundiitana kuti tidye mbale imodzi, ana akuonerera kukamwa kuli yasa.

Mzungu uja za galasi sanazilabadire n'komwe. Anandifunsa funso limodzi, loti kodi unazungulira? Ndinati ndinafika theka. Anangogwedeza mutu n'kundigwira paphewa.

Tsono za belu. Pomasula njinga zija ndinaziyang'ana imodziimodzi. Yanga ilibe belu, ndinaigula ilibe. Ya akazi anga belu lake linathyoka kalekale, linatsala chitsulo chokha. Za ana zili ndi timahutala ta pulasitiki tolira ngati bakha. Ndipo ngakhale likanakhalapo, munthu ungamve belu la njinga lili kunja, kumbuyo kwa chinyumba chonse chija, injini ikulira? Mnzanga wina wa ku Zambia amene timagwira limodzi anati iwe mwana, unali kugona pa siteringi, unalota chabe. Akazi anga amati mtima wanga unkadziwa kale kuti funso lija ndinalimeza, ndiye unafuna njira yondikumbutsira. Mwina akunena zoona, iwo anaphunzira. Koma ine chimene ndimakhulupirira n'choti Mulungu amadziwa mawu amene munthu aliyense sangawanyoze. Mzungu anandiuza katatu, sindinamve. Ndiye ananditumizira belu limene chibadwire sindinalikanepo.

Choncho abale anga, makamaka inu amene mukuitanitsa makolo kuno, mwambo ndi wabwino, sindikuti tiutaye. Koma mwambo uja anaupangira kumudzi, kumene apongozi akapatuka panjira pali anthu khumi ena amene akuwaona. Kuno kulibe anthu khumiwo, kuli iwe wekha. Musasanjike katundu kuposa mmene chitsulo chinapangidwira, malegeni a kwathu sadziwa liwiro la misewu ya kuno, ndipo musatseke diso limene limaona kumbuyo. Koma koposa zonse, musanalize injini tsikani, zungulirani mpaka kumapeto, ndipo anthu anu muwawerenge powayang'ana kumaso, ngakhale amene mumawaopa. Apongozi anga anakhala nafe miyezi ina iwiri, ndipo tsiku lowaperekeza ku eyapoti anakana kukhala kumbuyo. Anakhala kutsogolo pambali panga, lamba atamanga, n'kundiuza kuti mwananga, pano pokha ndi pamene ungamandione.